Chikalata cha Zofuna za Anthu Okhala M'munsi mwa Phiri la Mulanje

Kwa: Olemekezeka Nduna Yoona za Chilengedwe
Kudzera kwa: Mabwanamkubwa a Mulanje ndi Phalombe
Kuchokera kwa: Mafumu, alimi, amayi a nazale ndi onyamula katundu wa alendo

Olemekezeka,

Phiri la Mulanje lakhala nkhalango yotetezedwa kuyambira 1927. Mu 1984 mkungudza wake unasankhidwa kukhala mtengo wa fuko, ndipo mu 2025 bungwe la UNESCO linaliika m'kaundula wa malo ofunika pa dziko lonse. Ulemu ndi wochuluka, koma powerengera chuma, nkhalangoyi imaoneka yaphindu pokhapokha ikagwetsedwa n'kusanduka matabwa kapena makala.

Chikhalirecho phirili limagwira ntchito usana ndi usiku. Mitsinje ya Ruo, Thuchila, Lichenya ndi Likhubula imachokera komweko. Madzi a Likhubula amayenda m'mapaipi mpaka ku Nguludi n'kukamwedwa ku Blantyre. Lichenya amazunguza makina a magetsi ku Bondo. Minda ya tiyi, madimba ndi zigwa za mpunga zimadalira madzi omwewo.

Nanga wolisamala phirilo amapeza chiyani? Mayi amathira dothi m'machubu, n'kuthirira mbande za mkungudza miyezi yambiri. Mnyamata amazisenza pamutu kukwera nazo chitunda. Chilimwe chikafika, moto wa osaka nyama umanyambita zonsezo tsiku limodzi chifukwa njira zotchinga moto sizinalambulidwe. Mkungudza, umene mwachilengedwe sumera kwina kulikonse, watsala pang'ono kutheratu. Ndipo zinthu zikavuta, monga mu 2023 pamene namondwe Freddy anatsitsa miyala ndi matope m'midzi, olira maliro ndife.

Choncho tikufuna izi:

1. Boma liwerengere phindu la phirili m'makwacha: madzi, magetsi, uchi, mankhwala a zitsamba, alendo ndi nthaka imene mizu imagwira. Zotsatira zake ziwerengedwe pa mabwalo a mafumu m'Chichewa ndi m'Chilomwe.

2. Aliyense wopanga ndalama ndi madzi a m'phirili apereke kagawo ku thumba lolisamalira. Thumbalo lizilipira alonda, olambula njira za moto ndi eni nazale, ndipo m'komiti yake mukhale anthu osankhidwa ndi midzi.

3. Chilolezo chokumba bauxite kapena miyala ina chisaperekedwe zotsatira za kuwerengera phindu la phirili zisanatuluke. Ndalama za mgodi zimatha, pamene mtsinje wosamalidwa umamwetsa ndi zidzukulu zomwe. Ziwirizi ziikidwe pa sikelo anthu akuona.

4. Chindapusa chodula mkungudza chifanane ndi zaka zambirimbiri zimene mtengowo umatenga kuti ukule. Lamulo la nkhalango lisamangogwira wocheka wosauka. Ligwirenso mwini lole, wogula matabwa ndi aliyense wolandira chiphuphu.

5. Ndalama zimene alendo amalipira polowa ndi pogona m'phiri zizimatidwa poyera pa zipata monga cha Likhubula ndi Fort Lister, ndipo gawo lina lizitsala m'midzi yoyandikana nazo.

Olemekezeka, sitikugulitsa phiri la makolo athu. Malo a mizimu ngati Dziwe la Nkhalamba palibe ndalama ingawagule. Tikufuna kuti wopindula nalo alipire ndipo wolisamala adye thukuta lake.

Tikupempha yankho lolembedwa pasanathe masiku 60, komanso kuti mubwere kudzakumana nafe m'munsi mwa phirili.

Ife anthu anu, amene maina ndi zidindo zathu zili m'munsimu.