Ku Bethesda akukangana pa funso lolakwika la wotchi

Anthu a ku Bethesda, m'chigawo cha Maryland ku America, amasintha mawotchi kawiri pachaka. Lamlungu lachiwiri la Malichi amakankhira ola limodzi kutsogolo, Lamlungu loyamba la Novembala n'kulibweza. Mmalawi wokhala kumeneko amazionera pa foni: sabata ino akusiyana ndi Lilongwe maola 6, sabata yamawa 7. Anthu atopa nazo, ndipo aliyense akungoti "tisiye kusinthasintha." Chimene chikunditopetsa ine n'chakuti mkangano umathera pomwepo. Tikasiya, tikhazikika pa nthawi iti? Ine ndikuti pa nthawi ya m'nyengo yozizira, imene imayenderana ndi dzuwa.

Enawo akufuna nthawi ya m'nyengo yotentha chaka chonse, kuti akaweruka kukhale kukadali kowala, alowe m'masitolo, akasewere gofu. Mu Malichi 2022 nyumba ya malamulo ya Senate inavomereza bilu ya Sunshine Protection Act popanda wotsutsa, koma inakafera ku nyumba inayo. Madzulo owala amakoma, sindikukana. Koma lamulo silichulukitsa dzuwa. Ola limene mwaika madzulo mwalilanda m'mawa.

Kumayambiriro kwa Januwale, ku Washington dzuwa limatuluka cha m'ma 7:25. Onjezani ola, ndi 8:25. Sukulu za sekondale za boma ku Montgomery County, komwe kuli Bethesda, zimayamba 7:45. Ndiye kuti mwana adikire basi mumdima, chisanu chikumulowa m'zala, akalowe m'kalasi kusanache. America anaziyesa kale zimenezi mu Januwale 1974, pa nthawi ya vuto la mafuta. Ana ankapita kusukulu ndi matochi, makolo anadandaula, ndipo pofika Okutobala chaka chomwecho Congress inabwerera m'mbuyo. Madokotala a bungwe la American Academy of Sleep Medicine ananena mu 2020 kuti nthawi yozizirayi ndiyo ikhale yachikhalire, chifukwa thupi limadzutsidwa ndi kuwala kwa m'mawa. National Institutes of Health, yomwe imapereka ndalama zofufuzira za tulo, ili pa Rockville Pike, mu Bethesda momwemo. Aphungu akanangokwera sitima ya Red Line n'kukafunsa.

Anthu amaseka Benjamin Franklin, amene mu 1784 analemba mwanthabwala kuti anthu a ku Paris azidzutsidwa ndi mizinga kuti asawononge makandulo. Amasekanso Steve Hanke ndi Richard Henry a pa yunivesite ya Johns Hopkins ku Baltimore, omwe akufuna chaka cha masiku 364 ndiponso nthawi imodzi dziko lonse, moti ku Lilongwe dzuwa lili paliwombo wotchi izidzati cha m'ma 9:45. Koma awiriwa akusintha manambala okha, mwana adzadzukabe kukacha. Bilu ya aphungu ija ikanasiya belu la sukulu pa 7:45 n'kukokera mdima pamenepo.