Cimbale si cokhoma pacipupa

Kwabwela fashoni m'mabala ndi m'malo odyela muno mu Lusaka: kukhoma malekodi akale pacipupa ngati zithunzi, ena mpaka kuwasandutsa mawochi. Eni malowo amati akulemekeza zakale. Ine nditi akupha nyimbo. Nawonso amene amayankha kuti "zonse zili pafoni" sanamvetse cimene cikutayika.

Tengani Exodus ya Bob Marley and the Wailers. Pa 3 Disembala 1976 anthu amfuti analowa kunyumba kwa Marley ku Kingston namuombela. Anapulumuka, napita kukakhala ku London, ndipo kumeneko ndi kumene anajambula cimbale ici, cimene Island Records inatulutsa mu 1977. Mu 1999 magazini ya Time inati ndico cimbale copambana zonse m'zaka 100 zimenezo.

Exodus anaikonza kuti ikhale ya mbali ziwili. Mbali yoyamba imayamba ndi "Natural Mystic", imene imatulukila pang'onopang'ono ngati mvula yocokela kutali, n'kudzatha ndi nyimbo ya "Exodus" yeniyeniyo. Nyimbo zisanu zonsezo n'zolemela: cikhulupililo, adani, ulendo wa anthu opondelezedwa. Kenako singano imafika kumapeto. Mumanyamuka, mumatembenuza cimbale, ndipo mumapeza munthu yemwe uja akuvina mu "Jamming", akudikila cikondi mu "Waiting in Vain", akutonthoza mu "Three Little Birds". Kaphindi kotembenuzako ndiko kamakuuzani kuti munthu woombeledwa wasankha kuimba za cikondi. Foni ikamasakaniza nyimbo mwacisawawa, phunzilo limeneli limasowa.

Ife a Zambia tiyenela kudziwa bwino kuposa ena. Kampani ya Teal inali kudinda malekodi ku Ndola, ndipo magulu monga WITCH ndi Amanaz anatisiyila Zamrock pa zimbale zotelezi. Lelo alendo amazifunafuna ndi ndalama zambili, pamene ife tikuziboola ndi misomali.

Kusamala lekodi sikufuna digili. Iimikeni cilili ngati buku pashelefu. Mukaziunjika cogona zimapindika. Italikitseni ku dzuwa ndi ku malata otentha a mu Okutobala, cifukwa pulasitiki yake simapilila kutentha. Igwileni m'mphepete ndi pakati pali cizindikilo, popeza mafuta a zala amakoka fumbi m'timizele mmene mumakhala mawu. Pukutani ndi kansalu kofewa motsata mizeleyo, osati moidutsa. Ibwezeni m'cikwama cake ca pepala mukatha kumvela. Ndipo lekani kuika kandalama pamwamba pa singano kuti isalumphe: kulemelako kumakumba mizele, ndipo mawu okumbidwa sabwelela. Singano yakutha, isintheni.

Ngati kunyumba kwa atate anu kuli katoni ya malekodi pansi pa bedi, kaitengeni lelo. Ngati mulibe galamafoni, patsani munthu amene ali nayo. Cipupa cilibe makutu omvela Marley.