Kamakina kowerenga timizere kayesedwe kaye ku Makhanga

Ambiri a ife amene timalandira mankhwala a ma ARV timakadziwa kapepala komata pa bukhu la kuchipatala, kokhala ndi timizere takuda totchedwa barcode. Njirayi inayambitsidwa ndi bungwe la Baobab Health pa chipatala cha Kamuzu Central ku Lilongwe mu 2001. Kalaliki akangoloza kamakina pa timizereto, mbiri ya wodwala imatuluka pa kompyuta, popanda kufunsanso kuti mwa a Tembo atatu amene ali pamzere ndinu uti.

Masiku ano kuli timakina topanda nthambo tolumikizana ndi foni kudzera pa Bluetooth, timene mlangizi wa zaumoyo angapite nato ku sikelo ya kumudzi. Ndi nkhani yabwino. Nkhawa yanga ndi yakuti ogula amatisankha ali muofesi yozizira bwino m'tauni, pomwe ntchito tikaigwira ku Ngabu, ku Bangula ndi ku Makhanga.

Kuno kuchigwa, mu Okutobala ndi Novembala, kutentha kumapitirira madigiri 40. Zilembo za timapepala tina zimafufutika ndi dzuwa, ndipo bukhu limene lasungidwa m'chitenje, lanyowapo ndi thukuta n'kupindika, silifanana ndi limene wamalonda anayeserapo. Kamakina kokhala ndi kamera kamawerenga bwino timizere towonongeka kuposa kowalitsa kamzere kamodzi kofiira. N'kokwererapo mtengo, inde, koma chotchipa chimene chikukana kuwerenga chimabwezera mlangizi ku cholembera, ndipo nambala ikalakwika, zotsatira za kuchuluka kwa kachirombo m'magazi zikhoza kupita kwa munthu wolakwika. Wina angauzidwe kuti mankhwala akugwira ntchito pomwe sakugwira.

Chachikulu ndi madzi. Mu Januwale 2015, komanso pa namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, madera a kutsidya kwa Shire anaduka, magetsi ndi netiweki n'kusowa, mabuku ambiri n'kupita ndi madzi. Koma ma ARV sapumira chigumula. Kamakina koyenera kuno ndi kamene kamasunga manambala mkati mwake mpaka netiweki itapezeka, batire lake n'kutha tsiku lonse, komanso kotchajidwa ndi kasola kakang'ono. Ogula afunse zimenezi asanafunse mtengo.

Kwa alangizi nawo ndili ndi pempho. Timizereto tizinyamula nambala yokha, osati dzina kapena zotsatira za magazi, ndipo foni ikhale yokiya. Musatulutse kamakinako pakhonde anthu akuona. M'mudzi anthu sachedwa kuphunzira kuti bukhu likalira "tii" ndiye kuti mwini wake amamwa chakutichakuti, ndipo kusalana sikunathe. Mayi amene wachitidwa manyazi pamaso pa apongozi ake mwezi wamawa sadzabwera kudzatenga mankhwala.

Bungwe lililonse lofuna kugula timakinati ligule kaye tiwiri, lipatse alangizi a ku Makhanga kapena ku Muona kuyambira Novembala mpaka Malichi, kenaka liwafunse kuti kapirira ndi kati.