Wobera mayeso lero adzabera kopaletivu mawa

Mu Okutobala 2018 boma linaimitsa mayeso a Giredi 7, 9 ndi 12 m'dziko lonse cifukwa pepala la masamu la Giredi 9 linali litafalikira kale pa mafoni. Ana a caka cimeneco tsopano akula. Ena ali m'mayunivesiti muno mu Lusaka, ndipo akuphunzira za maakaunti. Kodi cizolowezi ca malikeji cinatsala pa geti ya sekondale?

N'cifukwa ciani mwana wanzeru amalowa m'mayeso ndi kapepala m'sokosi? Coyamba ndi mantha. Atate anagulitsa ng'ombe kumudzi, amai amagulitsa tomato pa msika wa Kabwata. Akalephera phunziro limodzi ayenera kulipiranso, ndipo ndalama palibe. Caciwiri ndi kutopa. Ena amagwira nchito m'tauni tsiku lonse, madzulo ali m'kalasi, usiku ali pa minibasi yopita ku Chelstone. Adzawerenga nthawi yanji? Cacitatu ndi anzake: akaona kuti wobera wakhoza ndipo sanalangidwe, woona mtima amayamba kudziona ngati citsiru.

Koma cacikulu ndife makolo. Timafunsa kuti, “Wakhoza?” Sitifunsa kuti, “Wadziwa?” Ena a ife tinapereka ndi manja athu ndalama yogulira likeji mwana ali Giredi 7. Tinabzala tokha mbeu imeneyi.

Si vuto la osauka okha. Mu 2022 kampani yaikulu ya maakaunti ya Ernst & Young inalipitsidwa madola 100 miliyoni ku America cifukwa anchito ake anabera mayeso, ngakhale mayeso a khalidwe labwino pa nchito!

Abale, nkhaniyi ndi yathu. Wophunzira ameneyu mawa adzasunga mabuku a kopaletivu imene mumasonkhako ndalama za feteleza. Adzawerengera copereka ca parishi ndi penshoni ya mkazi wamasiye. Amene anazolowera kunamiza mphunzitsi sadzacita manyazi kunamiza mlimi.

Bungwe la ZICA ndi mayunivesiti alange obera mosayang'ana nkhope, kaya acokera ku Kabulonga kaya ku komboni, ndipo acepetse mtengo wobwereza phunziro. Ife makolo timuuze mwana momveka bwino kuti akalephera moona mtima, pakhomo adzalandiridwa ndipo nsima adzadya. Kubwereza caka kumawawa, koma setifiketi yakuba idzaliza mudzi wonse.