Mpira wa Atsikana: Malire Akhalepo, Koma Mwana Asavulidwe



Ku America kuli mkangano: kodi mwana wobadwa wamwamuna, koma amadziona kuti ndi wamkazi, aloledwe kupikisana ndi atsikana pa masewera a kusukulu? Mu 2020 chigawo cha Idaho chidakhazikitsa lamulo loletsa zimenezi, ndipo zigawo zoposa 20 zatsatira. Ena akuti lamuloli likuteteza atsikana, popeza mnyamata akatha msinkhu amakula mphamvu. Ena akuti ndi tsankho.

Kwa ife, kupatula masewera a atsikana ndi a anyamata si zachilendo. Funso lovuta nali: munthu akakayikira mwana, atsimikiza bwanji? Lamulo la ku Idaho lidalola kuti wokayikiridwayo akayezedwe, ngakhale ziwalo zobisika. Apa ndiye pali ngozi.

Tisati nzakutali. Tabitha Chawinga wa ku Rumphi adaulula mu 2021 kuti ali ndi zaka 13, posewerera timu ya atsikana, adakakamizidwa kuvula kuti anthu aone ngati analidi mtsikana. Mlandu wake? Maonekedwe ndi mphamvu basi. Ndi yemweyu amene mu 2023 adaposa onse kugoletsa zigoli mu ligi ya amayi ku Italy. Ku Zambia, Barbra Banda sadasewere mpikisano wa amayi wa mu Africa wa 2022 chifukwa cha malamulo oyeza thupi, koma mu 2023 adasewera World Cup. Onani: chikayiko chimagwera ana athu aakazi omwe.

Chisilamu chimatilamula kubisa umaliseche ndi kupewa kuganizirana zoipa. Ngakhale za mwana wobadwa ndi ziwalo zosadziwika bwino, amene mabuku a fiqh amamutcha khuntha, maulama adazikamba mofatsa. Nalonso gawo 19 la malamulo aakulu a dziko lino limateteza ulemu wa munthu.

Tsono kuyambira kuno ku Kaseye, ku Chitipa, kumene kuli sekondale ya atsikana, mpaka ku Mangochi, makolo tipemphe izi m'makomiti a sukulu: kaundula wa sukulu ndi chiphaso chobadwira zikhale umboni wokwanira, dandaulo lipite kwa akuluakulu mwachinsinsi, mphunzitsi kapena woimbira mpira asavule mwana.

Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Allah atisungire ana athu.