Makapisozi a m'chikwama akulimbitsa tizilombo

Abale a m'mafamu, tikambepo za makapisozi aja timabwera nawo kuchokera kumudzi. Wina akayamba chifuwa timagawana: awa atatu, awo atatu, mawa tonse kuntchito. Chifukwa chake tikuchidziwa, tsiku lojomba lilibe ndalama. Komatu chizolowezi chimenechi chikuthandiza mabakiteriya kusiya kumva mankhwala. Mu 2019 mokha, vutoli linapha anthu pafupifupi 1.27 miliyoni padziko lonse.

Zimayenda chonchi. Mankhwala ngati ciprofloxacin amaononga DNA ya mabakiteriya. Tikamwa ochepa, mabakiteriya ena safa. Amathamangira kukonza poonongekapo, ndipo pokonza mopupuluma amalakwitsa. Zolakwikazo zimasintha chibadwa chawo, moti ena amasanduka osamva mankhwala. Amenewo akaswana, basi, kapisozi uja watha ntchito.

N'chifukwa chake asayansi akufunafuna mankhwala ochepetsa kusinthaku, oti aziperekedwa limodzi ndi maantibayotiki. Ku Baylor College of Medicine ku America, gulu la Susan Rosenberg linaonetsa mu 2019 kuti edaravone amachedwetsa kusinthaku mwa mabakiteriya a E. coli. Mu 2023 linapeza kuti dequalinium amachitanso chimodzimodzi. Kuno ku University of Leicester, Pulofesa Martha Clokie akutsata njira ina: mavairasi opha mabakiteriya, omwe awayesa pa Salmonella ya nkhumba ndi nkhuku.

Nkhani yabwino ndithu, koma zonsezi akali kuziyesa. Fodya wako ndi uyo ali pamphuno. Chili m'manja mwathu lero n'chiyani?

Kulembetsa kwa GP n'kwaulere, ndipo sikulira mapepala a imigireshoni. Adokotala akatilembera mankhwala, timwe monga atiuzira, osasungirako mlamu. Leicester ndi umodzi mwa mizinda yomwe TB ndi yochuluka mu England. Chithandizo chake n'chaulere kwa aliyense, ndipo chimatenga miyezi 6 kapena kuposerapo. Kusiyira panjira n'kumene kumabweretsa TB yosamva mankhwala.

Nanga m'makola? Kuyambira mu Meyi 2024, malamulo a ku Britain akuletsa kupatsa ziweto maantibayotiki mwachizolowezi. Koma tizilombo tosamva mankhwala timapezekabe mu ndowe, ndipo ogwira ndowezo ndife. Magolovesi, sopo ndi madzi osamba m'manja ndi udindo wa abwana. Tikazifunse pamodzi, asakapite munthu mmodzi yekha.