Moto wa pa Phiri la Zomba ndi Foni ya Mwana Wathu

Mawu otitsogolera lero akupezeka pa Yakobo 3 ndi pa Miyambo 22:1. Tsegulani Baibulo muwerenge nokha, kenaka tilingalire pamodzi.

Ife a ku Zomba sitisowa wotimasulira chimene Yakobo ankatanthauza pofanizira lilime ndi kamoto kamene kamatentha nkhalango yaikulu. Dzuwa la Okutobala likafika, usiku timaona mzere wofiira ukukwawa pa phiri lathu. Woyatsayo mwina ankangosaka mbewa, koma mitengo ya paini imene yatenga zaka zambiri kuti ikule imasanduka phulusa usiku umodzi, ndipo palibe amene angauitane motowo kuti ubwerere m'bokosi la machesi. Masiku ano lilime lasamukira ku chala. Mwana wa zaka 15 ali gone pa mkeka, bandulo ya tsiku limodzi ili m'foni, angathe kuyatsa moto umene udzatenthe dzina lake iye ali ndi zaka 30.

Ana inu, mumati: "Ndafufuta, zatha." Sizinathe. Mzinda wathu uno unali likulu la dziko mpaka chaka cha 1975, ndipo kufikira lero ndiwo usunga zikalata zakale za boma ku National Archives. Kalata imene bwanamkubwa wachitsamunda analemba agogo anu asanabadwe ikadalipo, ndipo ophunzira a ku Chirunga amakaiwerenga. Koma kuti munthu aione, ayenera kupitako ndi kupempha chilolezo. Intaneti ndi nkhokwe yoposa imeneyo, yopanda chitseko ndi mlonda. Chimene mwaponya pa Facebook, pa TikTok kapena m'gulu la WhatsApp, mnzanu amachijambula m'foni yake m'kuphethira kwa diso. Inu mukamafufuta chanu, chake chili m'thumba ndipo chafika kale ku Blantyre ndi ku Johannesburg. Madzi akatayika sawoleka.

Izi si nthano zoopsezera ana. M'chaka cha 2017, yunivesite ya Harvard ku America inalanda malo kwa achinyamata osachepera 10 amene inali itawasankha kale, chifukwa cha zithunzi ndi nthabwala zonyansa zimene ankatumizirana m'gulu lachinsinsi pa Facebook. Iwo ankayesa kuti ali okha. M'chaka cha 2021, mtolankhani Alexi McCammond anasankhidwa kukhala mkonzi wamkulu wa magazini ya Teen Vogue, koma anatula pansi udindo asanauyambe, anthu atafukula mawu onyoza mtundu wina amene analemba mu 2011 ali ndi zaka 17. Anapepesa, koma mpando unapita. Ndipo kuyambira mu 2019, wopempha chiphaso cholowera ku America amafunsidwa mayina onse amene wagwiritsa ntchito pa masamba a mchezo m'zaka 5 zapitazo. Werengani bwino zaka zimenezo: wopempha ali ndi zaka 20 akuyankhira zimene analemba ali ku fomu 2.

Musati izi n'za kunja kokha. Kwathu kuno kuli lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la mu 2016, limene limaletsa kuzunza, kuopseza ndi kutukwana anthu kudzera pa intaneti. Mu 2022 namwino wina wa ku Ntcheu anamangidwa chifukwa cha uthenga wa pa WhatsApp wokhudza mtsogoleri wa dziko. Omenyera ufulu anadzudzula kumangidwako, ndipo n'zoona kuti nzika ili ndi ufulu wodzudzula olamulira. Sindikuphunzitsa mwana aliyense mantha. Aneneri sanali amantha. Phunziro lake ndi lakuti gulu la WhatsApp si chipinda chogona. Ndi pabwalo, ndipo mwa anthu amene akhala chete m'gulumo muli wina amene akusunga mawu anu.

Taganizani za makomo amene ana a ku Zomba amalakalaka kulowa: University of Malawi, usilikali ku Cobbe Barracks, upolisi, uphunzitsi ku Domasi, unamwino, ngakhale ubusa. Khomo lililonse limafunsa satifiketi, komanso limafunsa khalidwe. Kale wolemba ntchito ankadalira kalata ya umboni yochokera kwa abusa, kwa mphunzitsi wamkulu kapena kwa amfumu. Lero angathe kungolemba dzina lanu m'foni. Abusa alemba kuti ndinu mwana wofatsa, koma tsamba lanu likuonetsa mukutukwana aphunzitsi, mukunyoza a mtundu wina, mwanyamula botolo m'mwamba pa damu la Mulunguzi. Akhulupirira kalata iti? Akuluakulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Mwana amavutika zaka 4 kuti apeze MSCE yabwino, makolo atagulitsa mbuzi ndi chimanga, kenaka n'kuigwetsa ndi kanema wa mphindi imodzi. Esau pa Genesis 25 anasinthanitsa ukulu wake ndi mbale ya mphodza. Mphodza za masiku ano ndi kuombera m'manja kwa anthu osakudziwani, amene mawa adzakhala akuseka wina.

Tsopano ndikutembenukira kwa ife akuluakulu, pakuti apa ndi pamene mtima wanga ukulemera. Moto wa pa phiri suyenda wokha. Umayenda ndi mphepo. Mwana wamkazi akanyengedwa ndi mnyamata n'kumutumizira chithunzi chosayenera, chibwenzi chikatha chithunzicho n'kutuluka, amene amachifalitsa ndi ndani? Si ana okha ayi. Ndi bambo wovala jekete Lamulungu, ndi mayi wa yunifolomu yoyera, akutumizirana uku akuti: "Taonani ana a masiku ano." Mphepo ndi ifeyo. Dziwani kuti kuyambira mu 2017 malamulo aakulu a dziko lino amati aliyense wosafika zaka 18 ndi mwana, ndipo kusunga kapena kufalitsa chithunzi chamaliseche cha mwana ndi mlandu. Koma ngakhale apolisi asakupezeni, mwapha mbiri ya mwana wa mnzanu, amene ndi wanu yemwe. Mtsikana wotere amasiya sukulu, amaopa kupita ku msika, ena amafika poganiza zodzichotsera moyo, pamene mnyamata amene anayatsa motowo akungoyenda momasuka. Chikakufikani chotere, chifere m'foni yanu, ndipo mukawaone makolo ake mwakachetechete.

M'Uthenga wa Yohane muli alembi awiri oyenera kuwakumbukira. Pa mutu 19, Pilato analemba pa thabwa ndipo anakana kusintha chimene analemba. Pa mutu 8, atamubweretsera mkazi wogwidwa m'tchimo, Yesu anawerama n'kulemba pansi ndi chala, ndipo kufikira lero palibe akudziwa chimene analemba. Intaneti imalemba ngati Pilato. Mpingo uyenera kulemba zolakwa za ana ake pa fumbi. Mwana amene anapunthwa kale, imva izi: dziko lingasunge chithunzi chako, koma Mulungu amakhululukira wolapa, ndipo mpando wako m'nyumba ya Mulungu ukadalipo.

Nanga tichite chiyani? Makolo, musanagulire mwana foni, khalani naye pansi monga mmene mumachitira musanamupatse njinga. Kulanda foni mokwiya kumangomuphunzitsa kubisa, mmera mpoyamba. Alangizi, pa chilangizo cha anyamata ndi atsikana, nkhani ya foni ilowe pamodzi ndi ya ukhondo ndi ulemu. Amayi a Mvano ndi atsogoleri a milaga, ikambeni nkhaniyi poyera.

Inu achinyamata, sabata ino bwererani pa tsamba lanu kuyambira tsiku limene munalitsegula. Chochititsa manyazi chichotseni, ndipo amene munamunyoza mukamupepese pamaso. Musanaponye kanthu, dzifunseni: kodi n'choona? Kodi ndingachiwerenge mokweza pamaso pa agogo anga? Kodi ndidzachivomera ndikadzakhala kholo? Mukakwiya, ikani foni pansi mpaka kutacha. Ndipo tsamba lomwelo lingakuchitireni umboni wabwino: onetsani mpando umene mwakhoma, nyimbo ya kwaya yanu, dimba la sitiroberi la pa phiri, mitengo imene mwabzala pamene panapsa. Wokufunani akadzalemba dzina lanu, adzapeze ntchito za manja anu.

Ambuye asunge pakamwa pathu ndi zala zathu, atchinjirize dzina la mwana aliyense wa mzinda uno, ndipo atipatse mtima wozimitsa moto m'malo moupemerera. Amen.